Khosi lachitatu pansi pa khonde

Manja anga sagwiranso mpeni womangira. Amangonjenjemera, ndipo ngakhale cholembera ichi ndachifumbata ngati mpini wa khasu. Ndagwira ntchito ya mapaipi zaka zambiri m'chigwa chino, kuchokera ku Chikwawa mpaka kumunsi ku Nsanje, koma mutandifunsa nyumba zimene ndidaikamo mapaipi, zambiri ndidaziiwala kalekale. Imodzi yokha ndiyo yakana kuchoka m'mutu, ndipo kunena zoona ndatopa nayo.

Idali nthawi ya nkhondo ya Ajeremani. Nkhondoyo ife sitidaione ndi maso, inkamenyedwa kutali kumpoto, koma inkadya anthu a kwathu. Asikali ankayenda m'midzi kugwira amuna oti akasenze katundu wa nkhondo, amene tinkawatcha amtengatenga. Opita adali ambiri, obwerera owerengeka, ndipo obwererawo ankafika ali mafupa okhaokha. Chopulumutsa munthu chidali chimodzi: tikiti ya ntchito ya kwa mzungu. Ukaonetsa kapepala kameneko, asikali ankakulambalala. Ine kanga ndinkakapinda n'kukalowetsa m'kabango, kabangoko n'kumangirira m'chiuno, ndipo ngakhale posamba sindinkakavula.

Tikitiyo adandipezera ndi alamu anga, mlongo wamkulu wa mkazi wanga. Ine ndidali mkamwini kwa Makhuwira, chaka chachiwiri cha ukwati, mkazi wanga ali ndi pakati poyamba. Alamuwo ndiwo adali mwinimbumba. Mkazi wawo adamwalira asanawaberekere mwana, ndipo sadakwatirenso. Adakhala zaka zambiri kumadambo a kwa Nyachikadza akusema ndi kumata mabwato, ndipo adabwerako ndi Chisena pakamwa ndi dazi pamutu. Kundiseka ndiko kudali chakudya chawo.

"Alamu, manja anuwa ndi a kalaliki," ankatero. "Kodi mlongo wanga adakuonani pati?"

Ine mtima wanga udali wapachala, choncho ndinkakwiya zenizeni. Koma akandiseka choncho, madzulo ake ankandiponyera nsomba yaikulu pa zonse zimene agwira tsiku limenelo.

Loweruka tikaweruka kuntchito ankanditenga kudooko kukamata bwato lawo. Akaona mng'alu ankalitembenuza, n'kutenga thonje loviika m'phula la njuchi, n'kulikhomerera mumng'alumo ndi kamtengo kosongola.

"Nthawi zonse muzimata cha kunja," ankandiuza. "Madzi akamakankha kufuna kulowa m'mwadiya, akukuthandizani kukhomerera."

Mwadiya ndi bwato m'kalankhulidwe ka anthu a kumunsi. Phula lawolo ankasungitsa kwa mlongo wawo, mkazi wangayo, m'kadengu kopachika kudenga la nyumba yathu.

Ntchito imene tinkagwira idali ya kampani ina yogula thonje, imene inkamangira bwana wake nyumba pamtunda pang'ono kuchokera ku Shire. Njerwa tidaumba tokha, koma mapaipi adabwera pasitima ya pamadzi atakulungidwa m'udzu. Adali a dothi lootcha, osalala ngati opakidwa mafuta, paipi iliyonse kutalika kwake ngati mkono, mbali imodzi yotambalala kukamwa kuti inzake ilowemo. Ntchito yake idali kutenga madzi oipa a kubafa ndi kukhitchini, kudutsa nawo pansi pa khonde, n'kutsetsereka mpaka kudzenje lalikulu kuseri kwa nyumba. Titamva tidaseka. Madzi otsukira mbale, amene akazi athu amangowakhuthula kuseri ndi dzanja limodzi, mzungu ankawalambulira msewu.

Kulumikiza kwake sikudali kovuta. Ukalowetsa paipi m'kamwa mwa inzake, unkakhomerera chingwe cha khonje mumpatamo, n'kumata simenti kuzungulira. Polumikizirapo tinkati pakhosi. Chovuta chidali dzuwa. Udali mwezi wa Okutobala, ndipo amene adakhalako kuchigwa kuno akudziwa kuti mwezi umenewu ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa yasa. Simenti ikauma msanga imang'aluka, choncho khosi lililonse tinkalifunditsa chiguduli chonyowa n'kumalithirira masiku atatu, m'mawa, masana ndi madzulo. Simentiyo nayo inkasowa chifukwa cha nkhondo. Inkakhala m'sitolo yokhoma, kiyi wake ali kwa kapitawo, munthu wa kumapiri wovala nsapato, amene ankayang'ana ife a m'chigwa ngati tonse tidabadwira m'matope. Munthu ameneyo ndinkadana naye, ndipo mpaka lero sindidasinthe maganizo.

Woyang'anira ntchito yonse adali mzungu wodwaladwala malungo, maso achikasu, wotopa ngati ife tomwe. Sadali wankhanza, koma dona wa bwana wake adali m'njira, ndipo nyumba inkayenera kutha. Tsiku loyamba kuyala mapaipi adalankhula, kapitawo n'kumasulira:

"Tikamaliza tidzayesa ndi madzi. Khosi limene lidzadonthe, mwini wake adzabweza tikiti."

Palibe adafunsa kuti munthu wobweza tikiti amapita kuti. Tonse tinkadziwa.

Olumikiza tidali awiri, ine ndi alamu. Ena onse adali okumba ndi otuta dothi. Tinkangolandizana, uyu khosi ili, uyo linalo, moti kapitawo sankadziwa kuti ili n'la yani. Tinkadziwa ndife awiri basi.

Tsiku lina alamu adatumidwa kudooko kukalandira mapaipi ena, ine n'kutsala ndekha m'ngalande. Ndidamata khosi lachitatu pansi pa khonde dzuwa lili paliwombo. Ndidalifunditsa chiguduli, koma nditasuzumira m'ndowa ndidapeza muli gwaa, ndipo mtsinje udali kutali. Masiku amenewo sindinkagona bwino, chifukwa mkazi wanga ankavutika ndi msana. Ndidati ndikhale kaye pang'ono pansi pa mtengo wa bwemba ndisanakatunge. Pamene ndinkadzidzimuka, mthunzi udali utandisiya kalekale, ndipo chiguduli chidali chitauma ngati chikopa. Ndidathamanga kumtsinje, ndidathira, ndidapemphera. M'mawa mwake nditavundukula ndidapeza mng'alu kunsi kwa khosi, wopyapyala, kutalika ngati chala.

Chofunika chidali kuphwanya khosilo n'kumatanso. Zimenezi ndinkazidziwa. Koma kutero kunkafuna kukaima pamaso pa kapitawo, kupempha simenti, n'kufotokoza kuti yoyamba ija idapita kuti. Ndidaganiza za pakamwa pake, ndidaganiza za kabango kanga m'chiuno, ndipo ndidachita mantha. Pamenepo m'pamene bwato lidandibwerera m'mutu. Mng'alu ndi mng'alu, madzi ndi madzi, nanga chasiyana n'chiyani?

Madzulo ake ndidabenthula phula m'kadengu kaja mkazi wanga ali kuchitsime. Thonje silinkasowa pamalo a kampani ya thonje. Tsiku lotsatira dzuwa lomwe lidandilakwira lija lidandifewetsera phulalo, ndipo anthu atapita kukadya ndidakhomerera thonje laphula mumng'alumo cha kunja, monga momwe alamu adandiphunzitsira. Ndidapaka fumbi la simenti ndi matope pamwamba, moti palibe akadazindikira. Omanga khonde ankadandaula kuti ngalande yathu ikuwachedwetsa, choncho ndidadzipereka kukwirira mbali imeneyo. Kapitawo adavomera, ndipo kwa nthawi yoyamba adandiyamikira. Pofika Loweruka njerwa za khonde zidali zitayalidwa pamwamba pake. Ndidadziona wochenjera kwambiri.

Tsiku loyesa lidafika. Kumapeto kwa mapaipi, pafupi ndi dzenje, tidatseka ndi chipika chokulunga m'chiguduli n'kumata dongo. Kumtunda, pakhoma la bafa, tidaimika paipi yotalika kulekeza m'chifuwa mwa munthu. M'menemo ndimo tinkathira madzi. Akazi a m'mudzi adalembedwa kutunga, ndipo adayenda ndi mitsuko kuchokera ku Shire m'mawa wonse, kukwera chitunda, kutsika, kukweranso. Paipi inkangomeza. Dzuwa litakwera madzi adaonekera kukamwa kwa paipi yoimika ija. Mzungu adajambula mzere wa choko m'kati mwake pamene madzi adalekeza, n'kutulutsa wotchi.

"Madzi akhale pamzere mpaka ola lithe," kapitawo adatimasulira. "Akatsika, ndiye kuti pali pamene akutulukira."

Tidaima mozungulira paipiyo ngati anthu odikira maliro. Poyamba madzi adakhala bata, ndipo ndidayamba kupuma bwino. Kenako pakati pa mzere ndi madzi padaoneka mpata wa chala chimodzi. Ola lisanathe zidali zala ziwiri.

Alamu adavula chipewa. "Akapitawo, muwauze abwana kuti mtsuko watsopano umayamba wamwa. Dothi ndi simenti zili ndi ludzu. Tizisiye zikhute, mawa tiyesenso."

Mzungu adagwedeza mutu kuvomera, chifukwa zimenezo n'zoona ndithu, paipi zatsopano zimamwa. Ine ndidagwira mawu amenewo ndi manja awiri. Koma mawa lake, akazi atadzazanso, madzi sadadikire n'komwe wotchi. Adatsika chikhatho chathunthu tikuona. Ndidadziwa nthawi yomweyo chimene chachitika. Phula langa lidali litachoka.

Apa m'pamene padayamba masiku amene sindifuna kuwakumbukira, koma ndi amene ndimawakumbukira bwino kuposa tsiku la ukwati wanga.

Tidayamba ndi ngalande imene idali yosakwirira. Tidawaza phulusa louma kuzungulira khosi lililonse kuti pamene panyowe paoneke, n'kumakwawa ndi maondo kupapasa kunsi kwake. Ine ndinkakwawa nawo, nkhope ili yakugwa ngati munthu wofunadi kupeza. Phulusa lonse lidakhala louma.

Tsiku lachitatu mzungu adati tiyese ndi utsi. Tidatulutsa madzi onse aja amene akazi adavutika nawo, n'kungowaona akulowa m'dzenje. Tidabwereka mvukuto wa chikopa cha mbuzi kwa wosula makasu wa m'mudzi, tidayatsa nsanza zamafuta ndi ndowe zouma m'chitini, n'kumavukutira utsiwo m'paipi. Ena ankavukuta, ena tinkayenda m'mbali mwa ngalande kuyang'ana pamene utsi ungatulukire. Utsiwo udatilowa m'maso ndi m'chifuwa, tidatsokomola tsiku lonse, koma m'makosi sudatuluke. Pansi pa khonde dothi lidauphimba, ndipo ine ndidathokoza dothilo mumtima.

Tsiku lachinayi tidadula mzere wa mapaipi pakati, kuti tiyese mbali ya kumunsi payokha. Akazi adatunganso. Mbali imeneyo madzi adaima pamzere osasuntha. Ndiye kuti vuto lidali kumtunda: pansi pa bafa, pansi pa khitchini, kapena pansi pa khonde, monse mokwirira kale. Mzungu adakhala pa njerwa, adapukuta nkhope, n'kunena kuti tiyambe kuphwanya pansi pa bafa.

Palibe ntchito yotopetsa ngati kugumula chimene wamanga wekha. Omanga aja ankamenya nyundo pa simenti yawo yosalala akutukwana chamumtima. Okumba ankakumbanso dothi lomwe adakwirira. Akazi ankangoyendabe ndi mitsuko, chifukwa tikavundukula khosi tinkayenera kuthiranso madzi kuti tione. Mayi wina wachikulire adapunthwa pachitunda, mtsuko n'kusweka, ndipo adangokhala pansi pomwepo osalira, akuyang'ana madzi akulowa m'fumbi. Ine ndidamuona. Ndinkadziwa kuti ndikadangoloza ndi chala, zonsezi zikadatha. Ndidayang'ana kumbali n'kupitiriza kukumba pamene ndinkadziwa kuti palibe kanthu.

Kunyumba sindinkalankhula. Mkazi wanga akandifunsa za kuntchito ndinkamukalipira kuti za mapaipi si za akazi. Tsiku lachisanu pobwera ndidamupeza atatsitsa kadengu kaja kudenga, akuyang'anamo. Adandiyang'ana, n'kukapachikanso. M'mawa mwake adaphika phala, n'kunena kuti akukapatsa achimwene ake asanapite kuntchito. Adakhalako nthawi yaitali, moti ndidanyamuka asanabwere.

Tsiku limenelo alamu adafika mochedwa, ndipo sadandiseke. Tidagwira ntchito m'bafa mpaka masana. Anthu atakhala pansi kuti apume, iwo adadzuka n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa khonde, manja kumbuyo, maso pansi. Pofika pakati adaima.

"Akapitawo, tabwerani muone."

Kapitawo adapita monyinyirika, ife tonse pambuyo pake. Pamzere wa njerwa wa m'munsi, pamene khonde lidakumana ndi dothi, padali njuchi zingapo zitatera, zina zikuuluka, zina zikubwera.

"Njuchi sizinama," adatero alamu. "Mwezi uno zimafuna madzi. Pamene zatera, pansi pake panyowa."

Mzungu adaitanidwa. Adayang'ana njuchizo, adayang'ana alamu, n'kulamula kuti akumbe. Ndidatenga khasu kuti ndithandize, koma alamu adandilanda.

"Manja a kalaliki, pumani," adatero osandiyang'ana.

Adazula njerwa okha. Pansi pake dothi lidali lakuda, ndipo atakumba pang'ono lidasanduka matope. Khosi lachitatu lidaonekera. Kunsi kwake kudali kukulendewera kachingwe ka thonje laphula, katatuluka mumng'alu ngati nyongolotsi, ndipo madzi ankachucha m'mbali mwake. Kapitawo adawerama, adakatola, adakanunkhiza.

"Phula la njuchi ndi thonje," adatero mokweza kuti aliyense amve. "Uku ndi kumata kwa bwato. Womata mabwato pano ndani?"

Panalibe wosadziwa yankho. Maso onse adatembenukira kwa alamu. Ndikadakonda kulemba pano kuti ndidatsegula pakamwa mawu n'kundikanika, koma kungakhale kunama. Pakamwa sindidatsegule n'komwe. Ndidaima pambuyo pa okumba, dzanja langa lili pa kabango m'chiuno.

"Ndine, akapitawo," adatero alamu. "Manja adazolowera mwadiya."

Kapitawo adaseka kwambiri, n'kuuza mzungu m'Chingerezi, n'kutembenukiranso kwa ife kunena kuti anthu a m'chigwa ukawapatsa nyumba amayesa ndi bwato. Ndidafuna kumutema ndi khasu, ngakhale ndinkadziwa kuti woyenera kutemedwa si iye. Mzungu sadaseke ndipo sadakalipe. Adangotambasula dzanja. Alamu adamasula kachingwe m'chiuno, adatulutsa tikiti m'kabango kawo, adaiwongola bwinobwino pabondo, n'kuipereka ndi manja awiri. Adatola chipewa chawo n'kutsika chitunda kulowera kumtsinje.

Wouzidwa kumatanso khosilo ndidali ine. Kapitawo adandipatsa simenti popanda funso. Ndidaphwanya khosi lakale, ndidamata latsopano, ndidalifunditsa, ndipo ndidalithirira masiku atatu osaphonya, madzi ndikutunga ndekha. Patsiku loyesa madzi adaima pamzere wa choko ola lonse osasuntha. Mzungu adatseka wotchi yake n'kundimenya paphewa moyamikira. Anthu adakondwa kuti zatha. Ine ndidapita kuseri kwa mtengo wa bwemba uja n'kukasanza.

Alamu akadatha kuthawa. Madambo a kwa Nyachikadza ankawadziwa ngati chikhatho chawo, ndipo m'mabango a kumeneko palibe msikali akadawapeza. Koma masiku amenewo mwamuna akathawa, asikali ankagwira akazi a pabanja pake n'kukawasunga kuboma mpaka mwini wake atadzipereka. Mlongo wawo adali wotopa, mwezi wake uli pafupi. Choncho adakhala pakhomo n'kumaluka mono wa nsomba ngati palibe chimene chikubwera. Ine ndinkawazemba. Ndikawaona njira iyi, ndinkadzera inayo.

Sipadapite masabata awiri, asikali adafika. M'mawa wa tsiku lonyamuka alamu adatuma mawu kuti ndikawapeze kudooko. Ndidawapeza atakhala pa bwato lawo lotembenuza.

"Alamu," adayamba ndi iwo, "mudalakwa chimodzi. Mwadiya madzi ake ali kunja, amakankha kulowa. Paipi madzi ake ali m'kati, amakankha kutuluka. Mukamata cha kunja, akulavulirani. Ndidakuphunzitsani theka, vuto ndi langa."

Ndidagwada pamchenga. Ndidati ndipita kwa mzungu lero lomwe, ndikanena zonse.

"Nkhabe," adandidula. Ndiko kukana kwa Chisena, ndipo iwo akatero nkhani inkathera pomwepo. "Mukanena, atitenga tonse awiri, ndiye mlongo wanga adzalimiridwa ndi yani? Ine ndilibe wondilirira pakhomo. Mwana akabadwa apeze bambo. Dzukani, mukundichititsa manyazi pamaso pa ng'ona."

Adandiuza kuti bwato ndizilisunga pamthunzi, ndipo ndisabwereke munthu wakumwa. Kenako adagwira manja anga, adawatembenuza, n'kupukusa mutu.

"Koma ndithu mlongo wanga adakuonani pati?"

Adaseka okha. Ine kuseka kudandikanika.

Sadabwerere. Nkhondo itatha, munthu wina wa ku Chikwawa amene adali nawo gulu limodzi adatiuza kuti adadwala kamwazi m'njira, ndipo adawasiya pansi pa mtengo katundu wawo atagawira ena. Dzina la malowo iye sadalidziwe. Tidalira maliro opanda mtembo. Mwana wathu adabadwa wamkazi, alamu atangopita kumene, ndipo adapeza bambo monga momwe amalume ake adafunira. Akulu amati choipa chitsata mwini. Ine mwambi umenewu ndikaumva ndimakwiya, chifukwa changa sichidanditsate, chidatsata munthu wina.

Ndidakhala mmisiri wodziwika. Kulikonse kumene kunkamangidwa nyumba ya mapaipi m'chigwa muno ankandiitana. Amene ndidagwira nawo ntchito angakuuzeni kuti ndidali wovuta, ndipo sakunama. Sindinkalola kuti ngalande ikwiriridwe madzi asanaime pamzere, ngakhale mwini nyumba alire bwanji. Munthu akasiya chiguduli kuuma ndinkamukalipira mpaka mawu kusasa. Ankati ndimakonda ntchito yanga. Sindinkaikonda. Nthawi iliyonse ndikaima pa paipi yoimika ndikuyang'ana mzere wa choko, mantha ankandigwira chimodzimodzi ngati tsiku lija, ndipo ndinkabwerera kunyumba nditatopa kuposa wokumba.

Nkhani ya njuchi idafala. Amisiri ankaikamba pakati pawo, ena osadziwa n'komwe kuti ndidalipo: kuti padali munthu wina wochenjera amene adapeza podontha poona njuchi, koma tsoka lake n'kupezeka kuti podonthapo padali pake pomwe. Ankaseka, ine n'kuseka nawo pang'ono kuti asandidabwe.

Mkazi wanga sindidamuuze. Tidabereka ana ena, tidalima, tidathawa madzi osefukira kangapo, tidaika makolo m'manda. Dzina la achimwene ake sankalitchula kawirikawiri. Bwato lawo lidaolera padooko, chifukwa iye sankafuna kuti ligulitsidwe ndipo sankafunanso kulikwera. Ine ndinkaganiza kuti ndi chisoni chabe. Chaka ndi chaka ndinkati ndimuuza tikakolola, tikakolola n'kunena kuti ndimuuza mvula ikagwa. Ndinkaopa kuti akadzadziwa adzandiyang'ana ngati munthu amene adapha mlongo wake, ndipo adzakhala akulondola.

Ndidamuuza tonse titachita imvi. Adali masana, titakhala pakhonde la nyumba yathu tikusenda nandolo, lichero lili pakati pathu. Palibe chapadera chidachitika tsiku limenelo. Ndidangotopa. Ndidayamba ndi mtengo wa bwemba, ndidanena za chiguduli, za phula, za masiku onse amene ndidakumba ndikudziwa. Ndidamaliza ndi kunena kuti khosi lija lidali langa, achimwene ake adafera ine.

Iye sadasiye kusenda.

"Ndidadziwa," adatero osadzutsa mutu. "Phula lidali m'kadengu kanga. Mumayesa sindidaone kuti labenthulidwa? Nanga nkhope imene munkabwera nayo kunyumba masiku aja, mumayesa idali yobisa kanthu?"

Adatola khoko lina la nandolo n'kupitiriza.

"M'mawa uja ndidapita ndi phala kwa achimwene, mumayesa tinkakamba za phala? Ndidawagwadira. Ndidati, achimwene, phula lanu lapita kuntchito, ndipo si inu mudalitenga. Ndidati mwana ali m'mimbayu asabadwe wamasiye. Sindidanene kuti pitani ndinu, koma adamva, ndipo ine ndinkafuna kuti amve. Kenako adati, ndalidziwa khosi lake, ndi la tsiku lija ndidapita kudooko. Adamwa phala lonse, n'kunena kuti lachepa mchere."

"Nanga njuchi zija?" ndidafunsa, chifukwa china chofunsa ndidalibe.

"Njuchi zidalipo mwina. Koma pakhondepo adapita akudziwa kale."

Adataya makoko pansi, adapukuta maso ndi nsonga ya nsalu kamodzi kokha, n'kundiyang'ana.

"Inu, bambo a ana, mudangokhala chete. Wosankha ndidali ine. Zaka zonsezi ndinkaopa kuti mukadzadziwa mudzandiona ngati mfiti yodya mlongo wake."

Adakankhira lichero kwa ine. Tidasenda nandoloyo mpaka kutha, ndipo sitidakambenso nkhaniyo.

Nyumba ya kampani ija idagwa kalekale. Anthu adazula njerwa zake kukamangira makola, ndipo pamene padali khonde pamera minga. Mapaipi okha ndikhulupirira akadali pansi, ndipo khosi lachitatu, limene ndidamata kachiwiri, ndikudziwa kuti silidonthe ngakhale lero. Mkazi wanga tidamuika chaka chathachi. Tchimo la khosi lija tinkalinyamula awiri osaululirana, kenako tidanyamula awiri tikudziwana zaka zochepa chabe, ndipo tsopano ndatsala nalo ndekha.